Tinabwezedwa ndi Nyengo

Hari Hari
2 Novembala 2015

Achemwali a Raewyn,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, mvula yokha ndiyo yatikhalira pakhomo ngati mlendo wosatsanzika. Ng'ombe zatha kubereka. Mlamu wanu Lynley akuti ndikupatseni moni, ngakhale sanaiwale kuti khadi lake simunaliyankhe.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangodulana mawu. Papepala mundimva mpaka kumapeto.

Bambo anagwa mwezi wathawu. Ankatenga nkhuni kuseri kwa nyumba, n'kuterereka pa masitepe a ndere aja ndakhala ndikunena kuti tikonze. Anawapeza ndi mayi Tuohy a nyumba yoyandikana nayo, ataona kuti utsi sukutuluka padenga. Sanathyoke paliponse. Koma adokotala akuti mtima watopa, ndipo munthu wa msinkhu wawo asakhalenso yekha nyengo yozizira ikubwerayi. Bambo anazimitsa kachipangizo kawo ka m'khutu adokotala ali m'kati molankhula.

Ine ndi Lynley takonza chipinda chija ankagona ana. Lamlungu ndinapita kwawo ku Franz kukawauza kuti asamukire kuno. Anandimvetsera, anandithirira tiyi, kenako anati munthu amene akutha kuyenda wapansi mpaka pa ayisi wa kuphiri uja sanafike poleredwa. Ndinawakumbutsa kuti mtsinje woundana uja unathawira kumtunda, ndipo masiku ano palibe amene amapondapo wapansi. Njira imathera pa chingwe chotchinga, ayisi n'kumamuonera patali atapachikika pathanthwe ngati chinsanza. Iwo anati basi, pa chingwepo.

Ndiye tapangana. Mu Januwale, tsiku limene kudzawale bwino, adzayenda kuchokera poimika magalimoto mpaka pa chingwe. Akafika ndi miyendo yawo, akhalabe m'nyumba yawo ndipo ine nditseka pakamwa. Akalephera, abwera kuno. Tinagwirana chanza, mayi Tuohy ali mboni.

Mukuwadziwa. Moyo wawo wonse anathera potsogolera alendo ndi kuwadulira masitepe pa ayisi ndi nkhwangwa, ndipo amadzitama ndi chinthu chimodzi: palibe mlendo wawo amene analepherapo, chimene chinkawabweza panjira ndi nyengo yokha. Anandibwerezera zimenezi ndikuvala chipewa, anandibwerezeranso ndikuliza galimoto.

Njira ija ndi ya miyala yokhayokha, ndipo chakumapeto kuli chitunda. Ine ndikuona kuti safika. Chimene ndikuopa n'chakuti adzakakamira mpaka kugwera pomwepo. Inu ndinu namwino, komanso inu amakumverani. Bwerani. Chikuonereni pa maliro a Mayi, Bambo amangokuonani pa chithunzi cha pamwamba pa wailesi.

Mundiyankhe msanga.

Mlongo wanu,
Bevan

Geelong
20 Novembala 2015

Mlongo wanga Bevan,

Kalata yako ndalandira. Tili bwino, alamu ako okha ndiwo akudandaula msana, makamaka ikakwana nthawi yotchetcha kapinga. Kuno kutentha kwayamba kale. Lynley umuuze kuti khadi lake lili pa firiji ndipo ndimalipatsa moni m'mawa uliwonse.

Bwanji osandiimbira tsiku limene Bambo anagwa? Nanga mayeso amenewa anayambitsa ndani? Munthu wodwala mtima sapatsidwa mpikisano ngati mwana wa sukulu. Ndikufunse mosabisa: kodi alipo wafunsira nyumba? Ndikumva kuti malo a ku Franz akulimbiranidwa ndi omanga nyumba zogona alendo. Ngati nkhani ndi imeneyo ndiuze, tisazungulirane.

Ndibwera. Tchuthi andipatsa mu Januwale.

Chiwerengereni kalata yako, m'maso mwanga mukungobwera kachipinda ka majombo kaja kuseri kwa hotela. Fungo la mafuta opaka zikopa ndi masokosi onyowa. Bambo atagwada akumanga zingwe za majombo a alendo, osayang'ana nkhope ya munthu koma kaimidwe kake. Mayi ankati ndi m'mene anadziwirana: anabwera ndi anzawo a ku Timaru kudzaona ayisi, Bambo n'kuwapatsa dala majombo a phazi limodzi kuti abwererenso pakauntala.

Tsiku limene ananditenga ine sungalikumbuke, unali usanayambe sukulu. Ndinali sitandade 3. Anandiveka majombo aakulu ndi masokosi awiriawiri. Iwo patsogolo, nkhwangwa ikulira, tizidutswa ta ayisi tikundigwera kumaso, ine pambuyo ndikuponda m'mene adula. M'ming'alu munali mtundu wa buluu umene sindinauonenso kwina kulikonse. Titatsala pang'ono kufika pamalo pamene alendo ankadyera nkhomaliro, Bambo anaima, n'kunena kuti kumtunda kwayamba kuda, tibwerere. Ndinalira njira yonse, ndipo mphuno inandisupuka sabata yathunthu. Mpaka lero pamalo paja sindinafike.

Tsono ndachita kanthu, usandikalipire. Ndalipirira helikoputa, mipando itatu, ya Bambo, yako ndi yanga. Ikatitula pamwamba penipeni, pa ayisi weniweni, osati pa chingwe. Akamponde, akamgwire ndi manja. Ndikhulupirira akatero mtima ukhala pansi, za kuyendazo aziiwala, ndipo za kusamuka tikambirana ngati anthu. Usawauze. Ikhale mphatso ya Khirisimasi.

Undiuze mankhwala amene awapatsa, mayina ake enieni, osati “tofiira ndi toyera” ngati ulendo uja.

Mchemwali wako,
Raewyn

Franz Josef
4 Disembala 2015

Raewyn mwana wanga,

Ndili bwino. Miyendo ilipo iwiri.

Mtsikana wolemba mayina ku ofesi ya ndege ndi mdzukulu wa mayi Tuohy. Chinsinsi chako chinafika kukhitchini kwanga ketulo isanawire.

Zikomo, koma ayi. Ndege imanyamula makalata, mbatata ndi anthu othyoka miyendo. Ine sindili m'gulu limenelo. Kufika pa ayisi pa ndege kuli ngati kulowa m'nyumba ya eni kudzera padenga. Anyamata otsogolera alendo masiku ano sindikuwanyoza, si kulakwa kwawo, ayisi ndiye anawathawa. Koma ine ndinamdziwa akutsika mpaka m'nkhalango, maluwa ofiira a mitengo ya rata akumgwera pamsana. Ndili mwana ankaoneka pazenera la tchalitchi, kuseri kwa guwa, ndipo ulaliki wonse ndinkaumvera kwa iyeyo. Mnzako wotere supita kukamuona utapachikidwa m'mwamba ngati thumba.

Ngati awirinu mwagamula kale kuti sindingayende, mungonena. Musandikulungire m'pepala la Khirisimasi. Pangano ndinachita ndi Bevan ndipo ndilisunga. Ndalama zako ndamuuza mtsikanayo akubwezere.

Ukamabwera ubwere ndi nsapato zenizeni, osati zija unavala pa maliro a mayi ako.

M'mawa uliwonse ndimayenda kupita kusitolo ndi kubwerera, osapumira. Usamuuze Bevan, angayambe kuonda.

Bambo ako

Hari Hari
15 Disembala 2015

Achemwali,

Kalata yanu yafika dzulo. Msewu wodutsa m'mapiri unagumuka ndipo makalata anagona kutsidya. Ndiye za helikoputa ndinayamba kuzimva kwa Bambo, ndili pakhonde, chitseko atatsegula theka. Akuti ife awiri tinapangana. Ndinalumbira kuti sindikudziwa kanthu, iwo anati kulumbira ndinayamba ndili wamng'ono, tsiku limene ndinaphwanya zenera la sukulu. Tiyi sindinamwe. Nkhuni zokha ndinawaza.

Za nyumba zandipweteka. Palibe wafunsira. Denga likudontha, pansi pakuwola, ndipo ngati alipo akuifuna ndi makoswe amene akukhalamo kale. Ine ndi amene ndimapita Lamlungu lililonse, pakati pa kukama kwa m'mawa ndi kwa madzulo. Ine ndi amene ndimadzidzimuka foni ikalira. Sindikufuna nyumba, ndikufuna ndisadzawapeze pansi atazizira.

Mwayesa kuwachotsa pa mayeso, koma mwangowalimbitsa. Tsopano apaka mafuta majombo awo akale ndipo nkhwangwa ainola, ngakhale palibe choti akadule.

Mankhwala ndakopera mayina kuseri kwa pepalali, mukawerenge nokha.

China: udzu wa ng'ombe sindinadule, mvula sikupereka mpata. Tsiku limene kudzawale lidzakhala la Bambo komanso la udzu wanga. Tidzaona.

Tikukudikirani. Lynley wasunga tinsomba ta mumtsinje mufiriji, akuti mudzakazinge nokha m'mazira popeza inu ndi amene munaphunzira kwa Mayi.

Bevan

Hari Hari
28 Januwale 2016

Achemwali,

Ndikhulupirira munafika bwino. Sindinakuperekezeni pa basi chifukwa ndikanalankhula zoipa anthu akumva.

Tiyeni tibwerere pa Lachiwiri lija. Tchuthi chanu chonse mvula inagwa, ndipo kutawala munali mutatsala pang'ono kunyamuka. Ine ndinali ndi udzu pansi. Ndikanausiya, ng'ombe zikanadzadya chiyani mu Julayi? Munati ndisadandaule, mupita nawo awiri. Ndinakhulupirira kuti pali namwino, pali mboni.

Madzulo ndinafika ku Franz fumbi lili m'makutu. Ndinapeza Bambo ali patebulo akudya tinsomba tija, nkhope ili mbee. Ndinafunsa ngati afika pa chingwe. Anandiyankha mosafulumira kuti sanafike, chifukwa nyengo inasintha kumtunda ndipo wotsogolera wanzeru salimbana ndi nyengo. Choncho, akuti, mayeso sanachitike. Sanapambane, sanalephere, ndipo nyumba yawo ndi iyi.

Ndinakuyang'anani. Munagwedeza mutu, n'kupitiriza kupaka batala pa buledi.

Nyengo yanji, achemwali? Ine ndinali pa thirakitala kuyambira mame atauma mpaka dzuwa kupendeka. Mapiri onse anali poyera ngati pa kalendala ya kusitolo. Kamtambo ngakhale kokwana chipewa kanalibe. Khosi langa lapsa, likusupuka mpaka lero. Mayi Tuohy anayanika mabulangete onse a m'nyumba mwawo ndipo anauma.

Nditakutsatirani kukhitchini munangoti, “Osati pano.” Nanga kuti? M'mawa mwake munali pa basi.

Ndikuuzeni m'mene ndikuonera. Munaona kuti alephera, chifundo chinakugwirani, n'kuwapatsa bodza loti abisalemo. Kwa inu n'zosavuta. Mwachita zabwino tsiku limodzi, mwakwera ndege, ndipo mukhalabe mwana wokondedwa. Ine mwandisiyira nyengo yozizira, masitepe a ndere, ndi munthu amene tsopano sindingamuuze kanthu chifukwa ali ndi mboni yakuti kunali mitambo. Pangano lija linali chingwe chokhacho chimene ndinali nacho, inu mwachidula.

Ngati pali chimene sindikuchidziwa, ndiuzeni. Ngati palibe, musavutike kuyankha msanga.

Bevan

Geelong
9 Febuluwale 2016

Bevan mlongo wanga,

Uli ndi chifukwa chokwiyira. Poyamba ndipepese za nyumba. Ndinalemba ngati munthu wakutali, amene amadziwa mitengo ya malo koma osadziwa kuti denga likudontha. Tsopano ndikufotokozere tsiku lija lonse, uweruze wekha.

Anandidzutsa ndi Bambo atavala kale: malaya aubweya akale a mandalasi aja, chipewa, majombo onyezimira mafuta. M'chikwama anaikamo fulasiki ya tiyi, buledi wa nyama ya nkhosa, ndi maswiti olimba amene ankapatsa alendo. Tisanatuluke anandikhazika pampando, n'kugwada kuti aone nsapato zanga. Kugwada anagwada, kudzuka kunali nkhani ina. Ndinayang'ana pazenera mpaka atatha.

Poimika magalimoto panali podzaza. Mabasi, anthu a zinenero zonse, ena atavala masilipasi, ena atafunda maambulera oteteza dzuwa. Mbalame ya kea inali pa galimoto ya eni ikusenda labala wa pagalasi, anthu akuijambula mokondwa, mwini galimotoyo ali nawo m'gulu lojambula. Bambo anati mbalameyo ndi yokhayo pamalopo imene ikudziwa chimene yabwerera.

Anatsogola iwo, nkhwangwa ili ngati ndodo. M'nkhalango anayenda bwino, moti ndinayamba kuganiza kuti upita kukagula malata a denga lawo lodontha lija. Mitengo ya rata inali itafiira phiri lonse. Titatulukira pa miyala ya m'chigwa, dzuwa linatipeza. Mtsinje unali wotuwa ngati madzi otsukira simenti, mathithi akutsika m'makoma, mahelikoputa akudutsana pamwamba ngati ntchentche pa nyama. Bambo sanayang'ane m'mwamba ngakhale kamodzi.

Kenako anayamba kuima kuti andionetse zinthu. Apa, akuti, ndi pamene ankakwerera pa ayisi chaka chimene anayamba ntchito. Lero pali mitengo yondipitirira msinkhu. Apa panali kanyumba kosungiramo zingwe. Apa ndi pamene Mayi anataya chipewa, iwo n'kuchitsatira m'mng'alu, ndipo abwana anawadula malipiro. Ndinaseka, ndinafunsa mafunso. Koma ndinaona kuti zoonetsazo zikuchulukira, ndipo zina sizinali kanthu. Anandionetsa mwala. Mwala chabe, Bevan. Anauyang'ana nthawi yaitali ngati wachibale, uku phewa likukwera ndi kutsika.

Ndakhala zaka zambiri m'chipatala. Mtundu umene milomo yawo inafika ndimaudziwa. Ndinawapatsa siwiti, anakana, akuti maswiti ndi a alendo. Mnyamata wina ndi mkazi wake anaima n'kufunsa ngati agogo akufuna thandizo. Bambo anawafunsa ngati amayi awo akudziwa kuti ali kuno ndi nsapato zimenezo.

Tinafika patsinde pa chitunda chomaliza. Chingwe chili pamwamba pake, ndipo pamene tinaima ayisi ankangooneka kangodya koyera kuseri kwa thanthwe. Bambo anaponda mwala woyamba, n'kuima. Anaponda wachiwiri. Anatsamira pa nkhwangwa ndi thupi lonse, akupumira m'mwamba.

Mawu a ntchito yanga anali pakamwa: simungathe, khalani pansi. Koma ukuwadziwa. Ndikananena zimenezo akanakwera, ndipo sindikhulupirira kuti akanatsika ndi miyendo yawo. Ndikanakhala chete akanakweranso. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, dzuwa likundiotcha mphuno. Ndinaigwira mphunoyo, ndipo pomwepo tsiku lija la sitandade 3 linandibwerera lonse, osati m'mene ndakhala ndikulikambira. Miyendo yanga italema m'majombo aakulu. Chithuza chitaphulika kuchidendene, ine ndikubisa. Mphuno yopsa. Ndipo titafika kunyumba, Mayi akuanula nsalu zouma gwa.

Kunalibe mtambo tsiku limenelo, Bevan. Ndinatopa ndine.

Wamva tsopano chifukwa chake palibe mlendo wawo amene analepherapo? Anthu onse aja, azimayi onenepa a ku Sydney, abusa okalamba, ana ngati ine, ankabwerera kuhotela akudandaula za nyengo, mutu uli m'mwamba. Ndiyo inali ntchito yawo, kuposa kudula masitepe.

Ndiye ndinati, “Ababa, kumtundako sikukundisangalatsa. Kwayamba kuda.”

Sanatembenuke msanga. Anakweza mutu n'kuyang'ana kumwamba kopanda ngakhale kadontho. Ndinkayembekezera kuti andikalipira.

“Wakuona liti?” anafunsa.

“Pompano.”

“Ine ndakuona kalekale. Ndimafuna ndione ngati uli ndi maso.”

Anatsika miyala iwiri ija chafutambuyo. Tinakhala pa thanthwe m'mbali mwa mtsinje, n'kumwa tiyi. Siwiti analandira, akuti poti yatsala. Mtundu utayamba kubwerera kumaso, anaona chibuma cha ayisi chikubwera ndi madzi, chachikulu ngati buledi. Anachikoka ndi nkhwangwa, kamodzi kokha, osaphonya. Anachigwira m'manja onse awiri mpaka madzi kuyenderera m'mikono ya malaya, n'kunena kuti onani, wabwera yekha kudzatichingamira. Kenako anachibwezera mumtsinje.

Pobwerera anandiuza kuti nditsogole. Njira yonse ankandidzudzula kuti ndikutalikitsa mapazi, wotsogolera amayenda ndi miyendo ya amene ali pambuyo.

Sindikanakufotokozera kukhitchini. Kachipangizo ka m'khutu kaja amakazimitsa pamene afuna, koma amakayatsanso pamene afuna. Ndipo chinthu chimenechi chikangotchulidwa pamaso pa mwini wake chimafa.

Sindikunena kuti ndakonza zinthu. Mwina ndaononga, ndipo katundu ali pamutu pako, osati panga. Koma iwo akudziwa kuti sanafike. Akudziwanso kuti ine ndikudziwa. Chimene sangapirire ndi kuuzidwa. Ndikupempha chimodzi: za pangano usazitchulenso. Pita Lamlungu monga mwa masiku onse. Zikafika mu Meyi palibe chasintha, ndibweranso ndipo tidzawanyamula awiri, adzatide tonse mofanana.

Pakhosi pakopo upakepo mafuta, ndipo ugule chipewa cha khonde. Ndiwe wamkulu tsopano.

Mchemwali wako,
Raewyn

Hari Hari
10 Epulo 2016

Raewyn mwana wanga,

Uone pamwambapa, usalembenso ku Franz.

Ndili bwino. Chipinda chimene andipatsa zenera lake layang'ana kukhola, choncho m'mawa uliwonse ndimaona ng'ombe zikuyenda pamzere, yofooka ili pambuyo, popanda woidikira. Tiyi wa Lynley ndi wamadzi, koma mtima wake ndi wabwino. Nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko. Mayi Tuohy atenga nkhuni zotsala ndi mphaka, amene anali wawo kale m'maganizo ake.

Pali chimene ndakhala ndikufuna kukuuza za tsiku lija. Unalakwitsa. Unayamba wayang'ana ine, kenako kumwamba. Mlendo akaona zimenezo amadziwa. Umayamba wayang'ana kumwamba, nthawi yaitali, ngati pali chakukwiyitsa. Ukatero umalankhula ngati ukudzilankhulira wekha. Munthuyo osamuyang'ana mpaka mutatembenuka. Koma poti kanali koyamba, sunachite moipa kwambiri.

Iwe tsiku lija uli sitandade 3, magazi anali atanyowetsa masokosi onse awiri, ndipo ukanafa osanena. Mtima umenewo ndi wa mayi ako, osati wanga.

Mlongo wako anapitiriza kubwera Lamlungu lililonse. Anapala ndere pa masitepe, anakhoma chogwirira, anamata denga. Za pangano sanatchule ngakhale kamodzi. Bevan wolongolola ndimamtha, koma wachete anandisowetsa pogwira.

Lamlungu lomaliza la Malichi kunacha bwino kwambiri, mapiri atavala zoyera zatsopano pamwamba. Anandipeza pakhonde, masutikesi awiri ali kuseri kwa chitseko pamene sakanawaona. Tinaima pamenepo. Ndinati sindikukonda m'mene kukuonekera kumtunda, ndipo munthu wanzeru amatsika mvula isanampeze.

Sanandiyang'ane. Anavula chipewa, chija cha khonde chimene sindikudziwa anachitenga kuti, n'kuyang'ana kumapiri nthawi yaitali, nkhope atakwinya. Mpaka ananunkhiza mphepo, zimene ine sindinkachita, koma sizoipa.

“Eya, Ababa,” anatero. “Tikachedwa itipeza pa mlatho.”

Analowa, anatenga masutikesi ngati kuti anawaika yekha, ndipo tinanyamuka. Mwana ameneyu ndinamtaya kwa ng'ombe. Akanakhala wotsogolera wabwino. Usamuuze.

Ukadzabwera Khirisimasi ubwere ndi nsapato zomwe zija. Pali njira yopita kumtsinje kuseri kwa khola, ndipo ndayamba kuidziwa.

Sabata yonse imeneyo mvula sinagwe. Palibe watchula.

Bambo ako